Kutuluka M'chipatala Si Kuchira: Tithandizane Kumaliza Mankhwala

Tsiku limene wodwala watulutsidwa m'chipatala limakhala la chimwemwe pamudzi. Amayi amaimba nthungululu, ana amathamangira kudoko kukalandira katundu, ndipo madzulo ake nkhuku imaphedwa. Koma anamwino amadziwa chinthu chimene ambiri a ife timaiwala. Ena mwa odwala amene amabwera nawo pa machira ali kayakaya, ndi omwe aja adatuluka akuseka mwezi wathawu. Mukafufuza bwino mupeza kuti mankhwala amene adapatsidwa potuluka adathera panjira. Ena adaleka atangomva bwino, ena adasowa ndalama ya ulendo wokatenga ena, ndipo ena sadamve n'komwe kamwedwe kake.

M'boma lino la Lago vutoli limakula chifukwa cha kutalika kwa mitunda. Munthu wa ku Ngoo, ku Mbueca kapena ku Mala akadwala kwambiri amayamba ulendo pa bwato kapena pa machira mpaka kukafika ku chipatala cha ku Cóbuè kapena cha ku Metangula. Zikakanika kumeneko amamtumiza ku chipatala chachikulu cha ku Lichinga, ulendo wokwera mapiri wa makilomita oposa 100 kuchokera ku Metangula. Anzathu ambiri a kumpoto amangooloka nyanja kupita ku St Peter's pa chilumba cha Likoma, chomwe ndi cha dziko la Malawi ngakhale chili pafupi ndi gombe lathu. Pofika tsiku lotuluka, banja limakhala litagulitsa mbuzi, mwinanso ukonde umene, kuti lipeze ndalama ya ulendo ndi chakudya cha wodwazika. Tsono a chipatala akanena kuti wodwalayo abwerenso mwezi wamawa kudzatenga mankhwala ena, mutu umaima.

Zimene zimasiyitsa anthu mankhwala

M'zipatala za boma muno m'Mozambique mankhwala a chifuwa chachikulu cha TB, a malungo ndiponso ma ARV amaperekedwa ulere. Mankhwala enawo, kwa zaka zambiri munthu wakhala akulipira mametikali 5 okha pa pepala limene dokotala walemba. Chodula ndi ulendo. Malo m'boti kapena m'chapa, nsima ya panjira, pogona ngati mdima wakugwerani, ndi masiku awiri kapena atatu amene khasu ndi ukonde zakhala pansi, zonsezi zimatuluka m'thumba la wodwala amene wangodzuka kumene pa mphasa.

Nyengo nayo ili ndi mbali yake. M'miyezi ya June, July ndi August mwera ukakalipa, mabwato amagona pamchenga masiku angapo. M'dzinja mitsinje yochokera kumapiri imadzaza ndipo njira za m'mbali mwa nyanja zimaduka. Munthu amene mapiritsi ake akutha Lachisanu sangauze mwera kuti udikire.

Palinso njala. Chinangwa chikachepa m'munda ndipo usipa ukasowa, ambiri amaopa kumwa mankhwala m'mimba muli gwa, amati awafoola. Ena amachita manyazi kuti anansi adziwa matenda awo akawaona akupita kuchipatala mwezi ndi mwezi. Asodzi amasamuka kutsata nsomba nasiya khadi ndi botolo kunyumba. Ndipo tisaiwale chilankhulo: malangizo akaperekedwa m'Chipwitikizi, mothamanga, pa zenera la mankhwala pomwe pali mzere wautali, agogo amangovomera ndi mutu chifukwa cha ulemu, chonsecho sadatolepo kanthu.

Matenda amene salola kudumphitsa

Tiyambe ndi malungo. Munthu akagonekedwa ndi malungo aakulu amabayidwa jakisoni wa artesunate. Jakisoniyo amatsitsa kutentha msanga, koma ntchito imamalizidwa ndi mapiritsi a Coartem amene amamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku 3. Munthu wamkulu amamwa 4 nthawi iliyonse, onse pamodzi 24. Akamwa theka n'kusungira mwana theka linalo, tizilombo totsala m'magazi timaswananso ndipo malungo amabwerera. Mankhwalawa amalowa bwino m'thupi akamwedwa ndi chakudya cha mafuta pang'ono, monga usipa, ndiwo zotendera kapena mkaka. Kwa khanda, bere la mayi likwanira.

TB ndiyo imanyenga kwambiri. Mankhwala ake ndi a miyezi 6: miyezi 2 yoyamba mumakhala mitundu 4 ya mankhwala m'piritsi limodzi, miyezi 4 yotsatira mitundu 2. Patangotha masabata ochepa chifuwa chimaleka, thukuta la usiku limatha, munthu amayamba kudya ndi kunenepa. Apa m'pamene ambiri amati achira. Koma tizilombo tolimba timakhala tikadalipo m'mapapo. Tikadzukanso tikhoza kukhala tosamva mankhwala oyamba aja, ndipo TB yotereyi imafuna mankhwala ena amphamvu, kuyezedwa pafupipafupi ndi maulendo ochuluka a kuchipatala. Choopsa china n'chakuti wodwalayo amapatsira ana ndi mkazi wake m'nyumba TB yosamva mankhwala yomweyo. Mkodzo ukafiira pomwa mankhwalawa musaope, ndi mmene amachitira. Koma maso akachita chikasu kapena kusanza kukapitirira, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.

Ma ARV ndi a moyo wonse. Kuyambira mu 2019 akuluakulu ambiri adasinthidwira ku piritsi limodzi pa tsiku lotchedwa TLD. Piritsi limeneli likhoza kumwedwa munthu atadya kapena asanadye, choncho tsiku limene pakhomo pagona njala si tsiku lodumphitsa. Amene adagonekedwa chifukwa chitetezo chidatsika kwambiri amapatsidwanso mankhwala ena oteteza, monga cotrimoxazole amene ambiri timati bactrim, ndipo miyezi yoyamba atatuluka ndiyo yofunika kuwayang'anira kwambiri.

Kuthamanga kwa magazi sikupweteka tsiku ndi tsiku, n'chifukwa chake anthu amaleka mapiritsi botolo loyamba likatha, mpaka tsiku limene dzanja ndi mwendo zifa mbali imodzi. Wodwala khunyu akaleka mankhwala mwadzidzidzi amagwa koposa kale, ndipo kuno kunyanja kugwa m'bwato kapena pamoto wowambira nsomba ndi imfa. A matenda a shuga okha ndiwo ayenera kusamala pa nkhani ya njala, pakuti ena mwa mankhwala awo, makamaka jakisoni wa insulin, amatsitsa shuga mopitirira ngati munthu sanadye. Iwowa afunse a chipatala chochita pa tsiku losowa chakudya.

Phunziro lochokera ku Tete

Abale athu a m'chigawo cha Tete adakumana ndi vuto lomweli la mitunda, ndipo njira imene adapeza lero ikudziwika m'maiko ambiri. Mu 2008 odwala a kumidzi, mogwirizana ndi akuluakulu a zaumoyo a chigawocho ndi bungwe la madokotala la Médecins Sans Frontières, adayamba kupanga timagulu ta anthu osapitirira 6 okhala moyandikana amene onse amamwa ma ARV. Mwezi uliwonse gulu limakumana, kuwerengerana mapiritsi otsala ndi kufunsana za m'thupi. Kenaka mmodzi yekha amanyamula makhadi a onse, napita kuchipatala. Iyeyo amayezedwa, amafotokoza za anzake, natenga mankhwala a gulu lonse. Mwezi wotsatira amapita wina. Motero munthu aliyense amayenda ulendowo kawiri kokha pa chaka m'malo mwa maulendo 12, ndipo ndalama ya ulendo amasonkherana.

Zotsatira zake zidalembedwa mu 2011. Pakati pa February 2008 ndi May 2010 anthu 1,384 adalowa m'magulu 291. Ena 83 adasamukira kwina. Mwa anthu 1,301 otsalawo, 1,269 adali akumwabe mankhwala, 30 adamwalira, ndipo 2 okha ndiwo adasowa osadziwika kumene adalowera. Unduna wa Zaumoyo utaona zimenezi udatenga njirayi n'kuifalitsa m'zigawo zina ndi dzina loti GAAC, ndipo ku Thyolo m'Malawi adayambanso magulu otere. Pambuyo pake padabwera njira ina yopereka ma ARV a miyezi 3 nthawi imodzi kwa amene akupeza bwino, mwinanso a miyezi 6.

Tinene poyera kuti njira ziwirizi ndi za anthu amene akhazikika pa mankhwala. Munthu amene wangotuluka kumene m'chipatala ayenera kuonedwa ndi dokotala pafupipafupi poyamba. Komabe nzeru ya ku Tete imagwira ntchito ngakhale kwa iye. Ngati Lachiwiri kuli wa gulu amene akupita ku Metangula, wodwala watsopanoyo akwere naye boti limodzi, agawane kamba, ndipo wakaleyo amuonetse khomo loyenera kugogoda. Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga.

Ana otuluka atawonjezeredwa magazi

Phunziro lina likukhudza ana. Mwana amene adagonekedwa chifukwa chosowa magazi, kawirikawiri chifukwa cha malungo, amatuluka akuoneka bwino atawonjezeredwa magazi. Koma madokotala adapeza kuti miyezi yoyamba ali kunyumba ndiyo yoopsa, pakuti malungo akamugwiranso thupi lisanapange magazi okwanira amafooka msanga. Kafukufuku wa ku Kenya ndi ku Uganda wa ana 1,049, amene adasindikizidwa mu 2020, adaonetsa kuti kupatsa ana otere mankhwala a malungo patatha masabata 2, 6 ndi 10 atatuluka kudachepetsa imfa ndi kugonekedwanso ndi pafupifupi 70 pa 100 alionse pa nthawi imene ankamwa mankhwalawo. Mu 2022 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO lidavomereza njirayi.

Funso lidali lakuti mankhwalawo afika bwanji kwa mwana amene ali kumudzi. Ku Zomba Central Hospital m'Malawi adayesa njira ziwiri. Amayi ena adapatsidwa mankhwala onse pa tsiku lotuluka kuti akasunge okha, ena adauzidwa kuti azibwera kudzatenga mwezi uliwonse. Zotsatira zimene zidatuluka mu 2021 zidaonetsa kuti ana amene amayi awo adanyamuliratu mankhwala ndiwo adamaliza bwino koposa. Mayi wakumudzi akauzidwa momveka, mankhwala ali m'manja mwake, salephera. Chimene chimamugonjetsa ndi ulendo. Inu amene mwana wanu watuluka atawonjezeredwa magazi, mugoneke mu neti usiku uliwonse, mumalizitseni mankhwala owonjezera magazi, ndipo akangotentha thupi kapena zikhatho zikayera musadikire kuti kuche kawiri.

Woyang'anira wa pakhomo

Pa nkhani ya TB nzeru yoti wodwala asamwe yekha mankhwala ndi yakale. M'zaka za m'ma 1980 dokotala wina wotchuka, Karel Styblo, adathandiza maiko a Tanzania, Malawi ndi Mozambique kukhazikitsa njira yoti wodwala azimeza mapiritsi pamaso pa munthu wina, ndipo zonse zizilembedwa m'kaundula. Njirayi ndi imene WHO idafalitsa pa dziko lonse m'zaka za m'ma 1990 ndi dzina loti DOTS. Poyamba woonererayo adali namwino, ndipo odwala ankagonekedwa miyezi iwiri yathunthu. Pambuyo pake zidaoneka kuti mbale kapena mnansi wokhulupirika akhoza kugwira ntchitoyi kumudzi. Muno m'Mozambique munthu wotere timamutcha padrinho.

Palibe chotiletsa kusankha padrinho wa matenda ena alionse. Akhale munthu wokhala pafupi, wosaledzera, wosunga chinsinsi, ndipo wodwalayo amusankhe yekha. Ntchito yake ndi yochepa: kuona kuti piritsi lamezedwa, kuchonga tsikulo pa khadi kapena pa kalendala, ndi kuwerenga otsala kuti ulendo wokatenga ena ukonzedwe kukadali sabata yathunthu. Ngati pakhomo palibe wodziwa kuwerenga, mwana wa sukulu athandize, kapena ikani timiyala m'chikho, kamodzi pa tsiku lililonse la mankhwala.

M'midzi yambiri mulinso a APE, alangizi a zaumoyo osankhidwa ndi mudzi. Ntchito yawo idayamba mu 1978, idafooka m'nthawi ya nkhondo imene idatha mu 1992, ndipo boma lidaidzutsanso mu 2010. Iwowa amayeza ndi kupereka mankhwala a malungo, kutsegula m'mimba ndi chibayo cha ana, komanso amayendera makomo. Wodwala akangofika kuchokera kuchipatala, a APE adziwitsidwe tsiku lomwelo, aone mapepala ndi mankhwala amene wabwera nawo. Anthu a dera la Cóbuè akudziwa kale phindu la njira yotere. M'zaka za m'ma 2000 dayosizi ya Anglican ya Niassa idayambitsa kumeneko ntchito imene dzina lake limatanthauza Mchere, Kuunika ndi Umoyo, momwe midzi ya m'mbali mwa nyanja idasankha anthu odzipereka amene adaphunzitsidwa kuthandiza odwala kwawo komweko, kumalo kumene galimoto silifika.

Kwa amene amaoloka nyanja

Ife a m'malire tili ndi vuto lathulathu. Munthu amagonekedwa ku Likoma, natuluka ndi buku la chipatala la ku Malawi lolembedwa m'Chingerezi, kenaka mankhwala akatha amapita ku Cóbuè komwe zolemba zonse ndi za m'Chipwitikizi. Ena poopa mafunso amabisa bukulo nayamba ngati odwala atsopano. Ena amalembetsa mbali zonse ziwiri, ndipo mbali iliyonse imaganiza kuti munthuyo adathawa mankhwala.

Dziwani kuti mankhwala ambiri ndi amodzimodzi, maina okha ndiwo amasiyana. Amene ku Malawi amati LA ndi omwewo amene kuno timati Coartem. Ma ARV amene ku Malawi amalemba kuti 13A ndi TLD yemweyo. Musamwe a uku ndi a uko nthawi imodzi poganiza kuti ndi osiyana. Sankhani chipatala chimodzi chimene mungathe kufikako ngakhale nyanja itakalipa, pemphani kalata yosamutsira kumeneko, ndipo pa ulendo woyamba nyamulani buku, khadi ndi mabotolo amene, ngakhale opanda kanthu. Namwino akaona dzina la pa botolo adziwa chopereka.

Musanachoke pa chipatala

Safunsa adadya phula. Wodwazika asamange katundu asanamve mayankho a mafunso awa, ndipo ngati Chipwitikizi chikuvuta apemphe womasulira.

Kodi matendawa ndi otani, ndipo mankhwala alionse ndi a chiyani? Amwedwa angati, nthawi yanji, kwa masiku angati? Ndi ati amene akatha basi atha, ndipo ndi ati ofunika kukatenga ena? Kodi enawo akapezeka pa chipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwathu, kapena mpaka ku Metangula kapena ku Lichinga? Ndi zizindikiro ziti zofunika kubwerera nazo msanga?

Auzeni a chipatala zoona za kwanu. Ngati mumakhala ulendo wa tsiku lathunthu, ngati tsiku limene akupatsani lagwera pakati pa mwera, kapena ngati mukupita kukagona ku usodzi mwezi wonse, nenani. Dokotala akadziwa akhoza kusintha tsiku, kuwonjezera mankhwala kapena kukulemberani kalata ya ku chipatala chapafupi. Bwerezani malangizo pamaso pake kuti akukonzeni ngati mwaphonya. Kunyumba sungani mapiritsi m'botolo lotseka bwino, kutali ndi chinyezi, dzuwa ndi manja a ana. Msodzi amange botololo m'pulasitiki nalitenge kulikonse kumene bwato lipita.

Nthawi zina munthu amayenda ulendo wonsewo n'kupeza mankhwala ake palibe. Zikatero musangobwerera chete, ndipo musathamangire mapiritsi a pamsika amene akhala padzuwa osadziwika kumene adachokera. Funsani tsiku limene afike, funsani ngati pali ena olowa m'malo, ndipo kadziwitseni a komiti ya zaumoyo ya kwanu kuti nkhaniyo ifike kwa akuluakulu.

Ntchito ya mudzi wonse

Mu 2025 boma la America lidadula thandizo lalikulu limene linkapereka ku maiko ena, ndipo muno m'Mozambique ambiri mwa ma activista amene ankalondola odwala osiya mankhwala adaima ntchito. Kumene phazi la activista lidaleka kufika, katundu watsala m'manja mwa mudzi.

Magulu amene tili nawo kale ndi okwanira kuyambirapo. Amayi a chipereganyu, chimene ena amati xitique, akhoza kupatula kandalama kochepa ka ulendo wa odwala, kobweza popanda chiwongola dzanja. Amayi a mpingo ndi a ku mzikiti amene amazonda odwala ndi ufa ndi nkhuni awonjeze funso limodzi pa ulendo wawo: mapiritsi atsala angati? Mashehe akumbutse anthu kuti wodwala saumirizidwa kusala m'mwezi wa Ramadan, ndipo amene asala akambirane ndi namwino za nthawi yomwera. Abusa ndi asing'anga, pemphero ndi mizu yanu zisakhale chifukwa chotayitsa munthu mankhwala a kuchipatala. Eni maboti amene amapita ku Metangula ndi nsomba asiye malo amodzi a wokatenga mankhwala, pakuti mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.

Ndipo inu mafumu athu, pa msonkhano wa mudzi mawu anu amalemera. Mukanena kuti kuseka munthu womwa ma ARV kapena wa khunyu ndi mlandu pabwalo panu, manyazi adzachepa ndipo anthu adzamwa mankhwala awo poyera. Funsani a APE kuti m'mudzi mwanu muli angati amene atuluka m'chipatala mwezi uno, ndipo ndani akuyang'anira aliyense wa iwo. Banja limene lidagulitsa mbuzi kuti m'bale wawo akagonekedwe lisadzagulitsenso ina chifukwa cha mapiritsi amene adatha Lachisanu mwera uli mkati.